Tsiku Limene Ndinapaka Penti Babatoni

Ndikukumbukira mpaka lero fungo la penti wa buluu amene bambo anga anabwera naye kuchokera ku Lisungwi m'kachitini ka mkaka. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kwathu kwa Nsambe ndinkadziwika ndi zinthu ziwiri: mawu okwera ndi manja osakhazikika.

Bambo anali katswiri wa gitala m'gulu la jazi la anthu anayi. Ndikati jazi musaganize za malipenga onyezimira ayi. Gitala yawo anapanga okha ndi chigaloni cha mafuta a galimoto, nsambo zake zinali mawaya a buleki ya njinga. Amalume a Sandikonda ankaimba babatoni, chigitala chachikulu cha nsambo imodzi, chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, chimene woimba amachita kuchikhalira. A Lufeyo ankamenya ng'oma ndi zitsekerero za mabotolo zotungidwa pa waya. Wachinayi ndinali ine Esinati, wopolokoza nyimbo.

Chaka chimenecho kunabwera kalata yoti tikajambule chimbale mu situdiyo ku Blantyre. Anatipatsa tsiku limodzi lokha, ndipo bambo anali atadikira mwayi umenewu zaka zambiri. Anakameta, poti masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali ankaona zakuda m'tauni, nafunsa kawiri katatu ngati aliyense ali ndi khadi la chipani. Kenaka anati zipangizo nazo zisapite ku tauni zili mbuu ngati miyendo yosadzola. Anandipatsa penti ndi kansanza kuti ndipake, iwo n'kupita kudimba.

Ine ndikagwira ntchito sindisiya theka. Ndinapaka matabwa, ndinapaka chigaloni. Kenaka ndinaona chikopa cha babatoni chili chotuwa pakati pa zinzake zowala, ndipo ndinachimvera chisoni. Ndinachipaka kawiri. Musandiseke ndekha, chifukwa akuluakulu nawo anagoma. Amalume anazungulira babatoni wawo nati, "Koma mwana iwe! Azungu akachiona ichi afuna kugula." Palibe anayesa kuimba, poopa kudinda zala pa penti wosauma. Tinangokulunga zonse m'masaka n'kukwera lole ya manachesi.

Situdiyo inali chipinda chopanda mawindo, chozizira ngati m'mawa wa mu Juni. Munthu wojambula nyimbo anakhala kuseri kwa galasi, nakweza dzanja kuti tiyambe. Gitala ya bambo inalira mokoma, nsambo zikuyankhulana ngati anthu. Amalume anamenya nsambo yawo. M'malo mwa kugunda kuja kumene kunkanjenjemeretsa chifuwa, kunangomveka phu, ngati munthu wamenya pilo. Anamenyanso. Phu. Penti anali atauma gwa, chikopa n'kuleka kulira.

"Achimwene, chipangizo chanuchi chafa," anatero wojambula uja. "Chimbale chilibe maso, chimangomva basi. Pofika thwelofu mukhale mutakonza, apo ayi kulowa ena."

Bambo sanakalipe. Anangondiyang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Bola akanandimenya, ndikanalira n'kuiwala.

Tinatulukira kuseri kwa nyumbayo. A Lufeyo anaswa botolo, tonse n'kuyamba kupala penti ndi zidutswa zake monga tinkasalazira mipini ya makasu, pang'onopang'ono kuopa kuboola chikopa. Mlonda wa pamalopo, amene ankaotcha chimanga pa mbaula, anatiyang'ana kanthawi, kenaka anasuntha chimanga chake nati, "Wambani apa, anthu akwathu." Amalume anawamba chikopacho uku akuchigogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Mawu anayamba kubwerera, poyamba ngati munthu wa chimfine, kenaka ndithu. Zala zanga zinali buluu yekhayekha, zina zikuchucha magazi, koma bambo anali asanandiyankhulebe.

Tinalowanso thwelofu itatsala pang'ono. Ndinaimba nyimbo zonse maso ali pansi. Tili mkati mwa nyimbo yomaliza, pamene bambo ankasiya gitala kuti iyankhule yokha, ndinangomva akukuwa, "Tiye nayo Esinati, mwana wanga wa buluu!" Amalume anaphulika chiseko babatoni akugundabe. Wojambula anati tibwereze kuti phokosolo lichoke, koma bambo anapukusa mutu. "Zisiyeni momwemo," anatero.

Masiku ano adzukulu anga amajambula nyimbo pa kompyuta m'chipinda chogona. Safuna chikopa kapena mbaula, ndipo akalakwitsa amafufuta ndi chala chimodzi. Sindidandaula, nyimbo zawo nanenso ndimavina. Koma bambo anatisiya kalekale, ndipo mdzukulu wina atandiikira chimbale chija pa foni, ndinathamangira nyimbo yomaliza. Zikanakhala kuti kale zolakwika zinkafufutika chonchi, bwenzi lero ndilibe pomvera bambo anga akundikhululukira.