Thaulo Lofunda pa Mwendo Wabwino

Lachitatu lina mu Okutobala 1995 ndinajomba kusukulu, ndipo ndinakhala pabenchi m'chipinda cha makanda nditafungatira fulasiki ya achemwali anga. Iwo anali atabereka mwana wosakwana masiku. Galimoto ya kuloji ya alendo kumene alamu ankaphika ndiyo inatichotsa ku Mnkhanya kutifikitsa kuchipatala.

Mwanayo sankatha kuyamwa. Anamulowetsa pamchombo kapaipi kowonda ngati udzu, madzi a shuga n'kumadonthera m'menemo. Amayi athu sankakondwa nazo. "Mchombo woterewu udzagwa liti? Nanga dzina tidzamutcha liti?"

Masana amenewo ndinaona zala za phazi lake lamanzere zikuda ngati nthudza. Ndinakoka chitenje cha achemwali n'kuloza, iwo n'kukuwa.

Anamwino, mayi wamfupi wa imvi pang'ono, anabwera osathamanga. Analigwira phazilo ndi chala chimodzi. Kenaka anaviika thaulo m'madzi ofunda, n'kukulunga mwendo wakumanja.

"Anamwino, mwasokoneza!" anatero amayi. "Wodwala ndi uwu!"

"Ndauona, agogo. Kapaipika kakwiyitsa mtsempha, magazi sakufika kuphazi. Wodwalawo sitiuwotcha ayi. Tikafunditsa wabwinowu, mnzakeyo amachita nsanje, amatseguka yekha. Akakana, kapaipi ndichotsa, ngakhale chakudya chake chikudzera momwemo. Phazi sitigula pagolosale."

Amayi anafuna kuseka, koma misozi inawatsogolera.

Anamwino sanachoke. Thaulo likazizira ankaviikanso, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndinkangoyang'ana manja awo, aakulu, okhakhala, koma osagwedeza ngakhale kansalu kamene mwana anagonapo. Pang'onopang'ono zala zinayamba kufiira. Kachala kakang'ono kokha kanatsala kakuda. Apo anachotsa kapaipi, nauza achemwali kuti afinyire mkaka m'kapu, mwana azimwera kapaipi kena ka m'mphuno.

"Anayamba kuona ndani?" anafunsa.

Achemwali analoza ine.

"Iwe wa yunifolomu, maso uli nawo. Pakamwa unasiya ku Mnkhanya? Kachalaka sikanapulumuke, ndipo ine ndili ndi makanda ena. Kakada kwambiri, kapena mdimawo ukakwera, undiitane. Osakoka chitenje cha munthu."

Ndinangogwedeza mutu, nkhope pansi.

Madzulo, kumalo ogona odikirira odwala, ndinalemba m'dayale yanga kuti mawa ndikhala pafupi ndi phazilo, ndipo likasintha ndiimirira n'kuitana ndekha mokweza kuti, "Anamwino!" Ndinapita kuseri kwa mtengo wa mango kukayeserera.