Majombo a Kamtanda

Chipembere sindinachionepo ndi maso anga, koma chinadyetsa ana anga kwa zaka zingapo. Amuna anga anali agemu, olondera nyama zakutchire, ku chigwa cha Luangwa, ine ndi ana tinkakhala mumzinda, ku komboni ya Kanyama, chifukwa kuchigwako sukulu inali kutali. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene tinkalawirira pamzere wa unga n'kubwerako chimanjamanja. Boma linalibe ngakhale dizilo. Ntchito ya agemu inkayenda ndi thandizo la azungu akunja amene anamva kuti zipembere zikutha chifukwa cha nyanga zake. Iwowo ndiwo ankapereka galimoto, chakudya cha kutchire ndi majombo.

Majombowo kunsi kwake kunali mizere yosiyana ndi ya nsapato za m'sitolo, kuti agemu akaona phazi padothi adziwe ngati ndi la mnzawo kapena la opha nyama. Aliyense ankadulanso kachizindikiro kake ndi mpeni kuchidendene. Amuna anga anadula kamtanda, poti anali munthu wa tchalitchi. Anawapatsa chipembere chimodzi chachikazi chokhala ndi mwana kuti azichilondola. Akabwera kutchuthi nkhani inali yomweyo: chadya chiyani, chimamwa pa dziwe liti, chinawakweza mumtengo uti. Ndinkawaseka kuti ndili pamitala ndi nyama, ndipo kunena zoona kansanje kanalipo.

Chaka china anabwera dzinja lili pakati, majombo atsopano kumapazi, akale m'chikwama. Madzi a mvula ku Kanyama sapita kulikonse, amangokhala pakhomo pamodzi ndi za m'zimbudzi. Ndiye kunatulukira msuweni wawo, mwana wa malume amene anawalera amuna anga ndi kuwaphunzitsa. Anali munthu wa pakamwa pokoma, wosadziwika ntchito, koma ku Chibolya, komboni ya akatangale, ankamudziwa ndi agalu omwe. Anakhala tsiku lonse akumvetsera za chipembere, akufunsa mafunso ngati mwana wasukulu, amuna anga n'kumayankha mokondwa kuti apeza womvera. Pochoka anaona majombo akale aja akuuma pazenera. Anawavala, n'kuyenda nawo m'matope uku akuseka. Kwathu msuweni amatenga chimene wakonda, ndipo wokwiya ndiye amasekedwa. Ine ndinawatsina amuna anga kuti alande.

"Ni chisuweni, bamake mwana," anatero motsitsa mawu. "Nizabayangana bwanji bamalume nikamupoka nsapato zakale?"

Anabwerera kuntchito. Posakhalitsa msuweni uja anasowa m'komboni, anthu ankati wapita kukaoda nsomba zouma.

Zimene zinachitika kuchigwa ndinazimva pambuyo pake, pang'onopang'ono, chifukwa amuna anga sankatha kuzinena zonse nthawi imodzi. Gulu lina la agemu linapeza mapazi a anthu olowera kudziwe kumene chipembere chija chinkamwa. Pakati pa mapaziwo panali jombo la kamtanda. Anati ndi mnzathu uyu, ali ndi onyamula katundu, n'kutembenuka kukalondera kwina. Amuna anga tsiku limenelo anali kumsewu, akudikira galimoto ya chakudya imene sinabwere. Chipembere anachipeza chitafa, potsatira miimba. Nkhope anali ataisema ndi nkhwangwa, ndipo kamwana kanali pambali pake kakukankha mimba ya mayi wake. Afisi anakamaliza sabata isanathe.

Akuluakulu a ntchito ndi mzungu woyang'anira thandizo anawafunsa amuna anga funso limodzi: m'jombo lanu munali phazi la yani? Iwo anati majombo akale anasowa. Apolisi anawasunga, anawamenya mpaka khutu lina linasiya kumva, koma yankho linali lomwelo. Umboni wowamangira unalibe, ndiye anangowalanda yunifolomu ndi majombo atsopano aja. Anafika ku Kanyama atavala patapata.

Ndinakwiya, ndipo mkwiyo wake sunandithere mpaka lero. Ndinawauza kuti atchule dzina, abwerere kuntchito, ana adye. Anati malume ndi wodwala, ndipo mwana amene anadya nsima yawo sangakhale wowamangitsira mwana wawo. Ndinayamba kuphwanya miyala m'mbali mwa msewu, mwana wathu wamkulu n'kusiya sukulu. M'komboni ankawaloza kuti ndi agemu aja anagulitsa nyama yawo.

Malume anamwalira dzinja lotsatira. Lole inakanika kulowa chifukwa cha matope, choncho bokosi anachita kunyamula mpaka kumsewu. Msuweni anali atabwera ndi suti yatsopano, akugwira kutsogolo monga mwana wa malemu. Amuna anga anagwira kumbuyo kwake. Ife amayi tinkatsatira tikuimba, ndipo ndinaona kuti iwo sakuimba, akungoyang'ana pansi. Ndinayang'ananso. Pansi pa suti ija panali majombo aja, ndipo paliponse msuweni ankaponda pankatsala kamtanda m'matope. Amuna anga analibe kopondera kwina, ankaponda momwemo.

Titabwerako kumanda anakhala pakhonde, ine ndikuwathira madzi kumapazi. Ndinawafunsa ngati tsopano angalankhule, poti malume apita.

"Nikambe kuti anibweze pa nchito?" anatero. "Nikalonde chani? Chipembere changa chinali chamene chija."