Foni yabodza imene inanditengetsa ku Mwanza

Ndikafotokoza nkhani iyi anthu ena amayamba ndi kuseka, ena amati ndikukokomeza, koma ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti palibe chimene ndapeka, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira mtima umandiwira. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwa ali ndi ana amene sanandilakwire kanthu.

Zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, ine ndili wotayipa makalata pa ofesi ina ya boma ku Neno. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ku Nenoko ananditumiza ndili ndi khanda kumsana, bambo ake ali ku migodi ku Joni. Pa ofesipo panali bambo wina wokonza mafoni ndi makina otayipira, munthu wa nthabwala zosatha. Lero wabisa nsapato za mlonda, mawa waika chule m'dilowa ya kalaliki, ndipo tonse tinkangomusekerera, nanga tikanatani? Makina akakufera, wokukonzera anali yemweyo basi.

Lachitatu lina masana, nditangobwera kodya, foni ya patebulo panga inalira. Mawu ake anali a munthu wamkulu, wolankhula mosafulumira, ndipo ananditchula maina anga onse, ndi la ubatizo lomwe. Anati akuimba kuchokera ku Blantyre, kwa achitetezo, ndipo kalata imene ndinatayipa sabata yathayo ili m'manja mwawo. Akuti potchula mtsogoleri wa dziko ndinadumpha mawu aja oti wamuyaya, ndiye akufuna adziwe amene anandituma. Kenaka anafunsa ngati achimwene anga akundilemberabe makalata. Anamaliza ndi kunena kuti ndisasunthe, galimoto ibwera Lachisanu, ndipo aliyense amene ndimuuze za nkhaniyi adzakwera nawo galimotoyo.

Inu obadwa dzulo simungamvetse. Masiku amenewo galimoto ikatenga munthu, abale ake sankayerekeza n'komwe kufunsa kumene wapita. Ndipo achimwene angawo analidi atathawira ku Zambia pa nkhani za ndale, chinsinsi chimene ndinkangochilankhula ndi amayi okha, motsitsa mawu, ndikawaimbira ku positi ofesi ya kwathu. Ndiye munthu wodziwa zimenezi ndikanamukayikira bwanji?

Ndinatuluka osatsanzika. Nditafika kunyumba ndinatenga makalata onse a achimwenewo pamodzi ndi chithunzi chawo chimodzi chokhacho chimene ndinali nacho, n'kuziotcha kuseri kwa bafa. Achimwenewo anamwalirira konko ku Zambia, ndipo ana anga sadziwa nkhope ya malume awo. M'mawa mwake ndinabereka mwana n'kuyenda wapansi, kudzera m'minda ya chimanga popewa msewu, mpaka ku Matandani kwa amayi ena amene tinkapemphera nawo. Anandisunga m'khitchini yawo masiku anayi osandifunsa zambiri. Ndikangomva kulira kwa injini kutsidya ndinkatseka mwana pakamwa, ndipo chifukwa cha mantha mkaka unauma, mwana n'kumalira usana wonse, amayi aja akumupatsa phala lamadzimadzi.

Lolemba kunafika mesenjala wa pa ofesi pathu, bambo wachikulire, atapalasa njinga kufunsa nyumba ndi nyumba. Anakhala pansi, n'kuvula chipewa, n'kundiuza kuti panalibe wa ku Blantyre aliyense. Akuti anamuona ndi maso ake wokonza mafoni uja ali m'chipinda chosungira katundu, atalumikiza kafoni kake ku waya, atakuta pakamwa ndi mpango, makalaliki awiri akugwira m'mimba ndi kuseka. Za achimwene angazo akuti anazimva pomvetsera mafoni athu, chifukwa chimenecho chinali chizolowezi chake akamanamizira kuyesa mawaya. Makalalikiwo anafuna kundiuza madzulo omwewo, koma iye anawaletsa, akuti zikoma kwambiri ndikadikira mpaka Lachisanu. Zikoma, eti! Mwana wanga akulira ndi njala, wina akuti zikoma!

Mukanakhala inu mukanaganiza kuti zathera pomwepo, koma ayi. Lachisanu lomwelo tcheyamani wa chipani m'deralo anali atabwera pa ofesi kudzalemba amayi okavinira mtsogoleri wa dziko, ndipo atandisowa, wina anayankha mopanda nzeru kuti ndathawa. Kodi munthu wosalakwa amathawa chiyani? Nditangobwerera kuntchito, galimoto inabweradi, yeniyeni tsopano, n'kunditengera ku Mwanza. Masiku awiri anandisunga m'kachipinda konunkha mkodzo, akundifunsa funso limodzi lomwelo, kuti ndimathawa chiyani ndipo phulusa la mapepala kuseri kwa bafa linali la chiyani. Ndinawauza kuti anali makalata a amuna anga, n'kufotokoza za foni ija. Anandiyankha kuti kwa iwo sikunachokere foni iliyonse.

Atamufunsa wokonza mafoniyo, mukudziwa chimene ananena? Anati tsiku limenelo mawaya onse anali akufa, ndipo mwina mayiyu mutu sukuyenda bwino chibadwire mwana. Ankadziwa kuti akavomera kuti anadzitcha wachitetezo, wokwera galimoto akhala iyeyo. Makalaliki aja nawonso sanandichitire umboni. Mesenjala ndiye sindinamutchule, chifukwa ndikanamuika m'madzi munthu yekhayo amene anandichitira chifundo. Chimene chinandipulumutsa n'choti abwana athu anapeza kope la kaboni la kalata ija, ndipo mawu onse analimo, palibe chimene ndinadumpha. Ananditulutsa, koma pasanathe mwezi anandisamutsa, ndipo m'fayilo yanga analembamo kenakake koti mpaka ndinapuma pantchito osakwezedwapo ngakhale kamodzi.

Bamboyo ndinadzakumana naye patapita zaka zambiri, pa maliro ku Chifunga, imvi zili mbuu. Anandipatsa moni akumwetulira, n'kunena kuti chemwali, zija tinkangocheza, paja ubwana. Ubwana wake uti, munthu anali ndi ana anayi? Dzanja lake sindinaligwire, ndipo ngati Mulungu adzandifunsa za dzanja limenelo, ndili nalo yankho.

Chandichititsa kulemba n'choti mdzukulu wanga, amene amakonza makompyuta pa ofesi ina m'tauni, ankandifotokozera akuseka mmene anaikira mnzake uthenga wabodza woti wachotsedwa ntchito. Ndinamukalipira mpaka anaiwala kuseka. Chimene ndimakhulupirira ine n'chakuti munthu amene wapatsidwa mphamvu yolowa m'mafoni ndi m'makina a anzake alibe ufulu wosewera nawo, chifukwa iye akalankhula kudzera m'makinawo mnzake sangadziwe kuti ndi bodza. Inu okonza makina, simudziwa chimene mnzanu wa patebulo lina akubisa mumtima, ndipo simudziwa kumene mantha angamuthamangitsire. Ngati mukufuna kuseka, sekani naye maso ndi maso, iye akukuonani.