Dzina Lake, Dzanja Langa

Kunyumba yosamalira okalamba ku Ilford, tauni ina ya kutsidya kwa nyanja, ndinkasambitsa bambo ena a ku Argentina, amene pa unyamata wawo anali katswiri womwetsa zigoli. Mawondo awo anali otupa ngati maungu chifukwa cha majekeseni amene ankawabaya kuti asaphonye masewero. Mutu nawo unali utasokonekera, moti ngakhale dzina la mwana wawo anali ataliiwala.

Loweruka lina kunabwera amuna atatu ochemerera timu yakale ya bambowo, atanyamula majezi. Sanafunse n'komwe ngati bambowo adya kapena adzuka bwanji. Anangowapatsa cholembera kuti asaine. Dzanja linkanjenjemera, ndiye mmodzi anandiuza kuti, "Tagwirani dzanjalo, sisi, muwathandize." Ndinaligwira, ndipo ndine amene ndinalemba dzinalo katatu konse. Itakwana nthawi yojambula chithunzi, anandiuza kuti ndisendere kumbali.

Bambowo atamwalira ndinaona pa TV sitediyamu yonse itaimirira, ikuwomba m'manja. Anthu onsewo anali kuti zaka zitatu zimene ndinkawatembenuza pabedi?

Majezi aja mwina anawapachika pakhoma m'mafelemu. Aziwapukuta bwino ndithu. Chimene akunyadiracho ndi dzanja la mayi wa ku Ntcheu amene anamuchotsa pachithunzi.