Mfunda umene unandipempha

Lero patha chaka chimwalirireni iwe, Dalitso. Ndikukumbukira Lamulungu lija unatulukira kutchalitchi kwathu ku Leicester, kudzafuna Amalawi anzako. Azungu a m'tawuni yapafupi ya Oadby anakutenga uli khanda kunyumba ya ana amasiye, ndipo kumudzi kwanu sunkakudziwa. Utamva anthu akundithokoza kuti "zikomo Nabanda," unandifunsa m'Chingerezi kuti, "Anti, nanga ine mfunda wanga ndi uti? Simungandigawireko wanuwo?" Ine ndinangoseka, n'kukuuza kuti mfunda sagawana ngati ndiwo. Nawenso unaseka, koma sunabwerenso.

Pamanda pako analembapo dzina la Chizungu lokhalokha. Chikanandivuta n'chiyani, mwana iwe? Ndachedwa, koma landira. Muuse mumtendere, a Banda.