Moto Umene Ndinayatsa ndi Pakamwa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume anga, amene ankaphika pahotela ina ku Nkopola. Ndinachoka kwathu ku Malindi ndili ndi kalata ya ansembe ndi khadi la chipani, poti masiku amenewo wopanda khadi ngakhale mumsika sankalowa. Anandiika pakabwalo ka ndege kuseri kwa hotelayo. Kapitawo wanga anali Che Mdoka, munthu woumira mawu.

M'mawa uliwonse ndinkayenda bwalo lonse kutola miyala, kugumula zulu za chiswe ndi kupirikitsa mbuzi. Ndinkamasula kansalu koonetsa kolowera mphepo kakakodwa pamlongoti. Ndege ikaima, ndinkatsekera matayala ndi zipika. Panalinso mabotolo awiri ofiira ozimira moto, lililonse lomangidwa kawaya pachogwirira. Che Mdoka anandiphunzitsa kuti kawayako kakaduka ndiye kuti botolo lagwirapo ntchito.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tinkadikira ndege ya alendo yochokera ku Blantyre. Ndinayamba kuimva ndisanaione, ndipo kulira kwake kunali kwachilendo. Itatulukira pamwamba pa migwalangwa, ndinaona pulopela ya kumanzere itangoima, osazungulira. Ndinathamangira botolo, koma Che Mdoka anandigwira mkono.

"Dikira. Yamba waona."

Ndinaona. Chitsulo chonse chija, chodzaza anthu ndi masutikesi, chinatsika mwaulemu ndi injini imodzi, n'kugunda pansi mofewa ngati mayi akugoneka khanda. Mpaka lero ndikakumbukira tsitsi limandiimirira. Woyendetsa, a Kaputeni Mbewe, anatsika n'kupempha madzi akumwa. Anatiuza kuti muvi wa wotchi yoonetsa oyilo unayamba kutsika ali cha ku Liwonde, ndiye injiniyo anaizimitsa okha isanaonongeke, monga anawaphunzitsira. Ena mwa alendo sanadziwe n'komwe.

Loweruka ndinakafotokoza nkhaniyi mutiyirumu ina kuboma. Anthu anangoti, "Ndiye palibe wafa?" n'kupitiriza kuviika sikono mutiyi. Zinandiwawa. Ndinaona chodabwitsa, iwo osadabwa! Ndiye ndinathirako utsi. Maso atayamba kutembenukira kwa ine, ndinathirako malawi, kenaka azungu akulira, kenaka ineyo ndikuzimitsa moto ndi botolo. Bambo wina wa tayi pakona ankangolemba m'kabuku, ine n'kumayesa ndi kalaliki.

Patapita masiku atatu nkhani inatuluka m'nyuzipepala, itanenepa kuposa mmene ndinaisiyira. Inati ndege inatera ikuyaka, woyendetsa atasokonezeka mutu, malinga ndi mboni yoona ndi maso. Eni ndege anawaimitsa ntchito a Kaputeni. Munthu wopulumutsa anthu uja tsopano chiphaso chake chinali pachiswe.

Kunabwera wofufuza wochokera ku Blantyre, a Kaputeni ali naye limodzi. Che Mdoka anangonyamula mabotolo awiri aja n'kuwaimika pamaso pake, mawaya ali osaduka. Wofufuzayo anati mabotolo munthu atha kusintha. Chimene ankafuna ndi mboni ija, ndipo ikapanda kupezeka nkhani ikhala mmene yalembedwera. Nthawi imeneyo wofalitsa mphekesera ankatha kutengedwa osadziwika kobwerera, ndipo ine mantha ndinali nawo. Che Mdoka sananditchule. Anangondiyang'ana.

Ndinavula chipewa n'kunena kuti mboniyo ndine, ndipo moto kunalibe. Wofufuza analemba zonse, nandisainitsa, n'kundiuza mawu amene sindingawabwereze pano. A Kaputeni sanakalipe. Anandiyandikira n'kufunsa motsitsa mawu:

"Achimwene, ine injini imodzi inandikwanira. Inu chinakucheperani n'chiyani?"



Anawabwezera ntchito patatha milungu iwiri. Nyuzipepala inakonza nkhaniyo ndi timizere titatu m'munsi mwa zotsatsa malonda, ndipo kuboma anthu anapitirizabe kunena za ndege inapsa ku Nkopola. Ine ntchito sanandichotse, koma a Kaputeni akatera ndinkaika zipika nkhope ili pansi.

Lero adzukulu anga amandionetsa pafoni mitu yoopsa ya nkhani za ndege zimene injini yazima m'mwamba. Ndimawafunsa ngati inatera. Akati inatera, ndimawauza kuti nkhani ndi imeneyo, ndipo ndi yokwana. Nkhani yotere ndinaionapo ndi maso anga, koma ndinaigulitsa kuti anthu a mutiyirumu andiyang'ane.