Malire a munda wa ku Mchinji

Jenifer Kaliwo, namwino wa pachipatala chachikulu cha ku Walsgrave mumzinda wa Coventry, kutsidya kwa nyanja, anakulira ku Mchinji. Bambo ake, a Gresham, ankalima mtedza ndi chimanga chosati n'kutha kudya. Zotsalazo ndi zomwe zinaphunzitsa ana awo onse: wina uphunzitsi, wina umakaniko, Jenifer unamwino. Pakhasu sipanatsale ndi mmodzi yemwe.

Pamene a Gresham ankabwera kudzacheza ku Coventry n'kuti atayamba kuyendera ndodo. Jenifer ankagwira mashifiti aatali, choncho mkuluyo ankaswera ndi mdzukulu wawo Tiwa, amene Chichewa ankamva koma n'kumayankha m'Chingerezi. Tsiku lina Jenifer anawapeza ataweramira buku la kusukulu la za Iguputo wakale. Tiwa ankafotokoza, mayi ake n'kumamasulira ali chiimire ndi yunifolomu, kuti anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Nile atayamba kukolola tirigu wochuluka, ena anasiya kulima n'kuyamba kuumba, kulemba ndi kumanga mizinda.

A Gresham anafunsa kuti, "Nanga onse akanapita kokalemba, tiriguyo akanalima ndani?"

Tiwa anaseka n'kunena kuti bukulo silinafike pamenepo.

Powaperekeza kubwalo la ndege ku Birmingham, bambowo anamugwira dzanja Jenifer. "Mwanawe, ubwere nthawi yokolola, ndidzakuyendetse m'malire a munda. Alongo ako alibe nazo ntchito."

Jenifer anavomera ndi mtima wonse. Koma chaka chimenecho anamwino anachepa muwodi, chaka chinacho Tiwa anali ndi mayeso. Pafoni a Gresham sankamukumbutsa, ankangomuuza za mvula. Uthenga wa maliro awo unamupeza akupereka mankhwala kwa odwala.

Atawaika ku Mchinji, oyandikana nawo munda anabwera n'kunena kuti dambo lonse la kumunsi ndi lawo, mkuluyo ankangobwereka. Alongo ake awiri anayang'ana Jenifer, iye n'kuyang'ana iwo. Anazungulira mundawo udzu uli lekeleke m'chiuno, akuyesa kukumbukira ngati bambo awo ankati malire ndi mtengo wa muwanga kapena chulu. Palibe amene anadziwa, ndipo dambolo linapita.

Ku Coventry, amayi a kutchalitchi anamuitana kuti agawane nawo kadimba komwe anabwereka kukhonsolo. Anapitako Loweruka lina, atanyamula mbewu ya nyemba. Mayi wina wa ku Chipata anamufunsa kuti kwawo mapando amatalikitsa bwanji. Jenifer anayang'ana dothi lakudalo, kenako anapempha kuti amuonetse.